Tsamba la Kalolaine

'Uiha, Ha'apai
4 Febuluwale 1991

Wokondedwa mng'ono wanga Kalolaine,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi alamu anga a Manase. Kuno tadzuka, kungoti kudzuka kwake ndi komwe ukukudziwa. Mvula yachuluka, zilazi zikuolera m'munda, ndipo nkhumba ya abusa yathyola mpanda wathu kachitatu.

Nkhani ndi ya maso a bambo. Dokotala amene anabwera pa sitima ya mwezi watha wati lakumanzere latsala pang'ono kuzima, lakumanja mwina lifika Khirisimasi. Bambo anamuthokoza bwinobwino, kenaka n'kumufunsa ngati amatha masamu ogawa aataliatali. Munthu wa eni anangolongedza chikwama chake.

Tsono tamvera. Zaka zonsezi akhala akukana kuti nambala yawo ija ilowe m'makina a kompyuta a kuntchito kwako, amati makina alibe manyazi, angathe kunama osaphethira. Lachisanu lapitali anaika sileti pansi n'kunena kuti, "Lembera Kalo. Makina akewo ayese. Ziro ameneyo ndikufuna ndimuone ndi diso langa, osati kuchita kuuzidwa."

Ndikudziwa unakula nayo, koma akuti ndilembe zonse ngati ndikulembera mlendo. Tenga 2, uzimuchulukitsa ndi 2 mpaka ma 2 akwane 59, kenaka uchotsepo 1. Imatuluka 576,460,752,303,423,487. Mzungu uja amene anawaphunzitsa ku kosi ya aphunzitsi mu 1968 anawatsimikizira kuti ilipo nambala imene imalowa m'menemu popanda yotsala, koma anakwera sitima osawauza kuti ndi iti. Anangowasiyira lamulo loti aziyesa zokhazo zimene umapeza ukachulukitsa 118 n'kuwonjezera 1, n'kumadumpha zimene zimagawika ndi 3 kapena 5. Kuyambira pamenepo ndi zomwezo: zinayi m'mawa uliwonse kupatula Lamulungu, kugawa pa sileti, kulemba yotsala m'buku, kufufuta sileti. Tadutsa mamiliyoni asanu ndipo tili m'buku la 23.

Ndati "tadutsa" chifukwa chimwalirireni amayi sileti ndimagwira ndine, ndipo kuyambira chaka chatha ndimagawa ndekha, iwo amangomvetsera n'kumandikonza. Amuna akumalo omwera kava akawaona amafuula kuti, "Aphunzitsi, yalowa?" Iwo amayankha kuti, "Mawa." Mawa ameneyo wandikalambitsa. Anzanga amakhala m'nyumba yolukira mikeka m'mawa wonse, kuseka kwawo ndimakumvera pa sileti. Zaka 36, ndilibe mkeka ndi umodzi womwe umene ndinaluka ndi anzanga. Ndatopa, Kalo, sindikubisira.

Chita changu diso lisanazime. Utumizenso mankhwala odontheza m'maso ndi mapensulo.

Ndine mkulu wako,
Luseane

*

Canberra
1 Malichi 1991

Okondedwa achemwali,

Kalata yanu yandipeza ndili bwino, a Manase nawonso ali bwino ndipo akupereka moni. Za maso a bambo zandidetsa nkhawa, ndinalira m'basi anthu akundiyang'ana. Mankhwala ndi mapensulo khumi ndi awiri ndapatsira mayi wina wa kutchalitchi amene akupita ku Nuku'alofa, akasiya kwa azakhali.

Za nambala musade nkhawa ngakhale pang'ono. Mdalayo wachedwa nazo yekha ndi makani ake. Kuntchito kuno kuli mayi wina wa masamu, Mayi Petrakis, amene ntchito yake ndi yomweyi yophwanya manambala, ena aatali moti satha pa mzere umodzi wa pepala. Nditawaonetsa ya bambo anaseka, akuti iyi ndi kamwana. Andilonjeza kuti Lolemba tikhala pamodzi.

Ndiye achemwali, yambani kunyika masamba anu olukira m'nyanja. Pofika Pasaka mudzakhala muli pakati pa amayi aja mukudya miseche, sileti itasanduka chovundikira mphika. Muwauze bambo kuti mwana wawo wagwira ntchito.

Ndine mng'ono wanu,
Kalolaine

*

'Uiha
22 Epulo 1991

Wokondedwa Kalo,

Moni. Mankhwala anafika, mapensulo anafika asanu ndi anayi, enawo azakhali anati akuwafuna ndipo ukudziwa kuti mlongo wa bambo safunsidwa kawiri.

Pasaka yadutsa. Lolemba lako lija ndi la chaka chiti? Sitima yabwera kawiri, ndipo kawiri konse bambo avala mkeka wawo wa m'chiuno ngati akupita kutchalitchi, n'kundikoka mpaka kudoko kukadikira thumba la makalata. Timabwerera chimanjamanja. Tikafika amangoti, "Tenga sileti."

Masamba ndinanyikadi, chitsiru ine. Auma, ndawapinda, ali kudenga. Tandiuze chimene chavuta.

Luseane

*

Canberra
19 Meyi 1991

Okondedwa achemwali,

Pepani pochedwa kuyankha. Ndikhulupirira nonse muli bwino. Kuno kwayamba kuzizira, m'mawa udzu umachita kuyera, ndipo a Manase akhala akudwala chifuwa. Kuntchito nakonso zinthu zachuluka, ophunzira akulemba mayeso ndiye makina sakupuma. Zinthu ngati izi zimafuna mzere, si zongofikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndifunseko. Kodi mabuku akale aja alipo onse? Ndimaganiza kuti namondwe wa 1982 anawononga ena, makamaka oyambirira. Ngati ananyowa n'kuyamba nkhungu, bwanji osangowatentha? Nkhungu si yabwino kwa munthu wodwala maso. Ndangoganiza chabe.

Ndatumiza juzi ya bambo ndi nsalu yakuda ya inu. Mundiuze ngati pali china chimene chikusowa, chilichonse.

Kalolaine

*

'Uiha
17 Juni 1991

Kalo,

Tili moyo. Juzi yafika, bambo aivala, zikomo. Koma sitinapemphe juzi.

Za nkhono usandiuze ine, ndakhala ndikudekha kuyambira iwe usanadziwe kukwera basi. Diso lakumanzere lazima pa 2 Juni. Lakumanja likuona zinthu zazikuluzikulu zokha, munthu amamuzindikira akayankhula. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo amene akulindira pano si iwe.

Ndakumva bwino. Mayi wako wa masamu anaseka, iwenso waseka naye, ndipo tsopano ukuchita manyazi kuti bambo ako ndi mdala wa pachilumba amene watha moyo wake pa zinthu za ana. Ndiye ukuti titenthe mabuku kuti manyaziwo athe. Mabuku alipo onse 23. Tsiku la namondwe denga linapita, nkhuku zinapita, koma mabuku anali m'thini ya mabisiketi ndipo bambo anaikhalira mpaka mphepo inaleka. Ngati makina akanika, nena kuti akanika. Ngati sukufuna, nenanso, tidziwe kuti tilibe munthu ku Australia.

Bambo akakamira kuti alembeko okha. Zilembo zake ndi zimenezo, ngati za pa chikwangwani cha sitolo, zatha tsamba lonse lakuseri.

Luseane

Mwana wanga Kalo, usamvere ukali wa mkulu wako. Ine ndikudziwa kuti ukuchedwa chifukwa ukuchonga kawiri, monga ndinakuphunzitsira. Sindinaiwale Disembala wa 1970. Mizere makumi anayi m'masiku atatu, uli ndi zaka 13. Ndimawauzabe anthu. Usafulumire chifukwa cha ine. Bambo ako, Samiuela.

*

Canberra
14 Julayi 1991

Achemwali,

Moni ndapereka, koma kalata iyi muwerenge muli nokha. Ndailemba kanayi, zitatu ndang'amba.

Makina sanakanike. Tinakhaladi Lolemba lija, pa 4 Malichi. Mayi Petrakis analemba nambala ija, n'kutembenuka kuti atenge kapu yawo ya tiyi, ndipo asanaifikitse pakamwa yankho linali litatuluka. Ndi nambala ziwiri zokha: 179,951 kuchulukitsa ndi 3,203,431,780,337. Zonse ziwiri sizigawikanso. Anandionetsanso buku la m'laibulale momwe zinalembedwa kale, agogo athu asanabadwe. Sanaseke. Nditawauza za sileti ndi mabuku 23 anafunsa kuti zinatheka bwanji kuti munthu wosamala chotero adumphe nambala yaing'ono ngati imeneyo.

Ine ndinadziwa nthawi yomweyo. Mukukumbukira tchuthi chija azakhali ananena kuti m'nyumba mwawo ku Nuku'alofa muli malo a mtsikana mmodzi yekha wopita ku sekondale? Bambo anati sasankha ndi mtima, asankha ndi masamu. Anakupatsani tsamba 20 la buku loyamba, ine tsamba 21, mizere makumi anayi aliyense. Langa linayambira pa 177,001, analemba okha pamwamba ndi inki yofiira. Inu munatha masiku asanu ndi anayi. Ine atatu.

Sindinagawe, achemwali. Ndinkadziwa mmene bambo amachongera mapepala a ana awo akatopa, amaona oyamba ndi omaliza. Ndinagawa mizere isanu yoyamba ndi isanu yomaliza. Makumi atatu apakati ndinakhala kuseri kwa thanki ya madzi n'kumangolemba zotsala za m'mutu mwanga, kungosamala kuti iliyonse ichepere nambala yogawira. Sileti inali yofufuta kale, panalibe woti n'kundigwira. Ndinkafuna sitima ija kuposa chilichonse, ndipo ndinkadziwa kuti pa chilungamo simungandisiyire. 179,951 ili pa tsamba limenelo.

Kunonso masamu anandikanika chaka choyamba chomwe. Sindinasinthe kosi monga ndinakuuzirani, anandichotsa. Ntchito yanga ndi kusintha matepi ndi kuika mapepala m'makina. Miyezi inayi iyi ndakhala ndikudwala nazo. Mlandu suola, ndaona ndekha.

Yankho ndi limenelo, apatseni diso lisanazime. Zinazo zili m'manja mwanu. Mukhoza kunena kuti tsambalo linanyowa, kapena kuling'amba, iwo sangaone. Sindikupempha chifukwa cha ine ndekha. Munaona zimene analemba kuseri kwa kalata yanu.

Ndine wolakwa,
Kalolaine

*

'Uiha
9 Sepitembala 1991

Kalolaine,

Tadzuka. Bambo alipo, akudya, chifuwa chokha. Wadikira milungu isanu ndi itatu, ndiye walawako pang'ono.

Kalata yako ndinaiwerengera kukhitchini, kenaka ndinatsegula thini. Buku loyamba, tsamba 21, mzere wa 15: 179,951, yotsala 62,408, ndi kalembedwe kako kokongola kaja, 8 wake wamimba ziwiri zofanana. Ndinayang'ana tsamba langa pambali pake, lodetsedwa ndi zofufutafufuta. Sindinalire. Ndinapita kukadyetsa nkhumba, chifukwa nthawi yake inali itakwana.

Ndikuuze zoona, nanenso ndinakhala nayo kalatayo milungu itatu osanena kanthu. M'mawa uliwonse ndinkatenga sileti n'kugawa zinayi, ndikudziwa kuti ndikutunga madzi ndi dengu. Tsiku lina ndinkafuna kuwauza zonse kuti dzina lako ligwe pamaso pawo ine ndikuona. Tsiku lina ndinkagwira tsamba lija kuti ndiling'ambe. Kukukwiyira ndinakukwiyira mpaka ndinatopa nako, ndipo kutopa ndi kumene kunatsala. Chimene chinandidzidzimutsa n'chakuti Lamulungu lina bambo anapatsa moni mtengo wa kokonati wa pakhomo pa tchalitchi. Ndinadziwa kuti masiku atha.

Lolemba lake ndinawauza kuti Kalo wayankha, ndipo ndinawawerengera nambala ziwiri zija, osawonjeza kanthu. Anati makina anene zawo, ife tigawe. Pa sileti sakanaona, choncho ndinatenga makala n'kulemba pa khoma la thanki ya simenti, nambala iliyonse yaitali ngati mkono wanga. Ndi thanki yako yomwe ija. Anakhala pa mpando pafupi kwambiri, dzanja litaphimba diso lakufalo, ine ndikugawa mokweza mawu, iwo akubwereza. Ana a sukulu anaima kumpanda, amayi a kolukira anatuluka ndi masamba m'manja. Khoma linatha, ndinazungulira mbali ina, iwo akukoka mpando. Pomaliza ndinachotsera, ndipo panalibe chotsala. Ndinalemba ziro wamkulu ngati beseni.

Anaimirira, anamuyandikira mpaka mphuno inada ndi makala, n'kumuzunguliza ndi chala. Anamuona, Kalo. Chimenecho chokha usadandaule nacho.

Ndinkaganiza kuti zathera pomwepo. Anthu atabalalika bambo anatsala pa mpando paja, milomo ikuyenda. Maso anapita koma mutu ulipo wonse. Kenaka anati, "Luseane, nambala imeneyi ndi yaing'ono. Tinaidutsa amayi ako ali moyo. Tenga buku loyamba."

Ndinati buku loyamba linanyowa ndi namondwe. Ndinanama kuti ndikuteteze, iwe, sindikudziwa chifukwa chake, linangotuluka. Iwo anati, "Ndinalikhalira ndekha. Tenga."

Ndinawerenga mzere wa 15. Anafunsa kuti kalembedwe ndi ka yani, ngakhale ankadziwa. Anandiuza kuti ndigawe mzere wa 14 pa sileti, kenaka wa 16, kenaka wa 20. Palibe ndi umodzi womwe unagwirizana ndi zimene unalemba. Atatero anati nditsegule tsamba 20, ndipo tinatha masiku atatu tikuchonga mizere yanga yonse makumi anayi, umodziumodzi. Ndinawapempha kuti tisiye, zapita, madzi akatayika saoleka. Anakana. Yonse inali yolondola.

Sanakutukwane. Ndikanakonda akanatukwana, bwenzi nditapeza ponena nanenso. Anati mwana wa zaka 13 akhoza kunama, ndi chifukwa chake pamakhala mphunzitsi, ndipo mphunzitsi amene wachonga mizere khumi n'kusainira makumi anayi ndiye wabodza wamkulu. Kenaka anafufuza dzanja langa pa tebulo mpaka analipeza, n'kunena kuti, "Sitima ija inali yako, mwana wanga."

Mawu amenewo ndakhala ndikuwafuna zaka 21 osadziwa kuti ndikuwafuna. Atabwera sanandichitire kanthu. Ndinakhala pomwepo, dzanja langa lili m'dzanja lawo, ndikuganiza kuti chinangwa chili pamoto chipserera. Sitima inapita kalekale ndipo sekondale salandira mayi wa imvi. Ndinawauza kuti ndamva, n'kupita kukaphula mphika.

Kwa amuna a kava anapitako Lachisanu. Atawafunsa mwa nthawi zonse kuti, "Aphunzitsi, yalowa?" anayankha kuti inalowa kale mu 1970, iwo ndi amene sanayang'ane. Akuti palibe amene anaseka. Dzina lako sanalitchule, ndipo ine sindinauze munthu, ngakhale azakhali.

Diso lakumanja lazima sabata yatha. Mankhwala usatumizenso.

Tsopano uthenga wawo, ndikulemba monga anenera. Akuti buku loyamba silingatsekedwe lili ndi mizere yabodza. Wa 15 tagawa ife pa thanki, yatsala 29, kuphatikiza itatu ya pa sileti ija. Ndakukopera manambala ake pa pepala lili m'katimu. Ugawe wekha ndi dzanja, osati makina, osati Mayi Petrakis, ndipo osati pa sileti. Akufuna pa pepala, njira yonse ioneke, ndidzawawerengere mzere ndi mzere. Ndinawafunsa kuti za chiyani, poti yankho tikulidziwa ndipo yonse 29 idzakhala ndi zotsala. Anati, "Ndikudziwa. Ndikufuna ndidzathe kunenanso kuti mwana wanga anagawa mizere makumi anayi." Akuti usafulumire, ngakhale zitatenga masiku asanu ndi anayi.

Ine ndidzawawerengera, koma masana. M'mawa ndimapita kolukira tsopano. Andiika kumapeto kwa mkeka pamodzi ndi atsikana ongoyamba kumene, zala zanga n'zolimba ngati mitengo, ndipo Mayi Sinaitakala, mkulu wa kolukirako, amamasula theka la zimene ndaluka tsiku lililonse uku akundinyoza. Msana umapweteka kuposa pa sileti. Miseche yake si yokoma monga inkamvekera ndili kutali, koma ndimapitabe.

Usandifunse ngati ndakukhululukira, sindinakhale pansi kuti ndiganize zimenezo. Moni kwa alamu. Mapensulo anatsala atatu, kuno alibenso ntchito. Ndawasongola, ali mu envulopu momwemu.

Ndine mkulu wako,
Luseane